Njira za Nchito za Anthu a Undi

Pafupi ndi boma la Katete, m'mbali mwa mseu waukulu umene ucokera ku Lusaka kunka ku Chipata, pali mudzi wa Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Acewa. Anthu ace sali m'dziko limodzi iai. Ena ali mu Zambia, m'maboma a Katete, Sinda, Chadiza ndi Vubwi. Ena ali m'Malawi. Ndipo ena ali ku Mozambique, kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi. Cinenero cao ncimodzi, mafuko ao ndi omwewo, a Phiri, a Banda, a Mbewe ndi a Mwale, ndipo kalimidwe kao sikasiyana kwenikweni. Koma kwa zaka zoposa 100 anthu awa akhala pansi pa maboma atatu, ndipo boma liri lonse linatsegulira anthu ace njira yaceyace ya nchito, nilitsekanso pa nthawi yace. Munthu wa ku Kitwe kapena wa ku Matero amene afuna kudziwa cimene cinacotsa agogo ace kumudzi, ndi cifukwa cace abale ace ena anathera ku Harare ndi ena ku Joni, ayenera kuyamba ndi mbiri ya njira zimenezi.

Malire ndi msonkho

Kale likulu la Undi linali ku Maano, m'dziko limene tsopano liri la Mozambique. Acewa a masiku amenewo anali kudziwa maulendo ndithu, pakuti anali kunyamula minyanga ya njobvu ndi makasu a citsulo kukasinthana ndi nsalu ndi mikanda kwa Apwitikizi a ku Tete. Koma munthu sanali kucoka pamudzi kukagulitsa mphamvu zace kwa mwezi ndi mwezi. Cuma cace cinali munda, nkhokwe ndi abale.

M'caka ca 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana za malire ao, ndipo mzere umene analemba pa pepala unadutsa pakati pa dziko la Undi. Mu January 1898 asilikari a Azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zao zambiri, ndipo pambuyo pace anamanga boma la Fort Jameson, limene lero lichedwa Chipata. Kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu masikweya mailosi 10,000, kunena kuti Mpezeni analipereka kwa Mzungu wina dzina lace Carl Wiese. Midzi yambiri ya Acewa inapezeka iri m'kati mwa dziko la kampaniyo, eni ace osafunsidwa konse.

Tsono m'caka ca 1901 unayamba msonkho wa nyumba. Msonkhowo unafuna ndalama, ndipo ndalama m'midzi munalibe. Kugulitsa cimanga sikukadathandiza, pakuti njanje inali kutali mamailosi oposa 300, ndipo panalibe mseu wa galimoto. Azungu amene anatsegula minda ya fodya pafupi ndi Fort Jameson anali kulemba anthu, koma malipiro ao anali ocepa kwambiri. Cotero mnyamata wofuna msonkho wace, wa amai ace ndi wa apongozi ace anayang'ana kumwera.

Ulendo wa ku Halale

Dziko lonse la Southern Rhodesia anthu anali kulichula kuti Halale. Ulendo wace unali wa pansi, wa masabata ambiri. Amuna anali kuyenda m'magulu, atasenza ufa, mphika ndi nkhwangwa, ena kudzera ku Feira kumene Luangwa athira mu Zambezi, ena kudzera ku Tete. Panjira panali mikango, njala ndi acifwamba, ndipo ufa ukatha munthu anali kuima pa munda wa Mzungu woyamba amene anamupeza, nagwirapo miyezi ingapo kuti apeze kamba wa patsogolo. Amene anapirira anafika ku migodi ya golidi ya Shamva, Cam and Motor ndi Globe and Phoenix, kapena ku malasha a ku Wankie.

Eni migodi anakhazikitsa bungwe lolemba anthu la Rhodesian Native Labour Bureau m'caka ca 1903. Anchito analipatsa dzina lakuti cibalo, cifukwa munthu wolembedwa nalo sanali kusankha kumene akagwire, ndipo kawirikawiri anali kumtumiza ku mgodi umene anthu ena onse anaukana. Cifukwa cace ambiri anakonda kudziyendera okha, ngakhale njira inali yoopsa. Malipiro anali kuwerengedwa pa tikiti ya masiku 30 ogwira nchito, kotero kuti tsiku limene munthu anadwala silinali kuwerengedwa. Anchito ocokera kumpoto sanangokhala cete nthawi zonse: pa sitalaka ya ku Shamva m'caka ca 1927 atsogoleri ambiri anali anthu a ku Nyasaland.

Kupitirira Halale kunali Joni, kumene malipiro anali oposa. Bungwe la Wenela linali kulembera anthu migodi ya golidi ya kumeneko, koma m'caka ca 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ocokera ku maiko otentha a kumpoto, popeza anali kufa ambiri ndi cibayo. Lamulolo linafewetsedwa m'zaka za m'ma 1930. Pakati pa zakazo amuna olimba mtima anali kuolokabe Limpopo mobisala.

Kumudzi nako zinthu zinali kukankha anthu. M'caka ca 1928 Boma linadula malo a anthu akuda m'dera la Fort Jameson ndi Petauke, nilisamutsira midzi yambiri m'menemo. Anthu anapanikizana, minda inaguga, ndipo nthaka inayamba kukokoloka, pamene dziko limene anawacotsamo linangomera chire ndi kudzala nyama ndi kashembe. M'caka comweco mtengo wa fodya unagwa, Azungu ambiri a ku Fort Jameson natseka minda yao, ndipo ngakhale nchito yocepa ija inasowa. Boma linaona kulakwa kwace mocedwa. Linagula dziko la North Charterland m'caka ca 1941, niliyamba kubwezeramo anthu.

Mudzi wotsala m'mbuyo

Mwa mwambo wa Acewa mwamuna akwatira kwao kwa mkazi, nakhala mkamwini, nalima munda wa apongozi ace. Mwambo umenewu unathandiza mudzi kuti usapasuke, pakuti mkazi amene mwamuna wace anapita ku Halale anatsala pakati pa amai ace, abale ace ndi alongo ace, pa munda wa mbumba yace. Koma alongowo, amene ndiwo ankhoswe ndi osunga mbumba, naonso anali ku ulendo. Nchito za amuna, monga kugwetsa mitengo pa mphanje, kumanga nkhokwe ndi kufolera nyumba, zinagwera akazi ndi nkhalamba. Minda yatsopano inacepa, ndipo yakale inalimidwa kufikira itatopa.

Amene anabwera anabwera ndi mabulangete, nsalu, njinga, makina osokera ndi ndalama zogulira ng'ombe. Mnyamata woona zimenezi sanathe kukhazikika, ndipo ulendo unasanduka ngati cinamwali ca amuna. Koma ena sanabwere konse. Amenewo anachedwa macona: anakwatira kumene anapita, makalata naleka, ndipo akazi ao anadikira zaka osadziwa ngati ali okwatiwa kapena amasiye.

Ku Nyasaland Boma linaika komiti yofufuza nkhaniyi m'caka ca 1935, ndipo mtsogoleri wace anali Travers Lacey. Komitiyo inapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ndiko kuti mwamuna mmodzi mwa amuna anai ali onse amphamvu, ndipo inacenjeza kuti midzi iri kufa. M'caka ca 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anapangana ku Salisbury kuti munthu aziyenda ndi citupa ndi kuti azibwezedwa kwao itatha nthawi. Pambuyo pace anaonjeza kuti gawo la malipiro lizisungidwa kuti munthu akalandirire kwao, ndi gawo lina lizitumizidwa kwa banja lace. Boma la Southern Rhodesia linaikanso malole onyamula anthu osalipira, amene anachuka ndi dzina lakuti Ulere, ndipo itatha nkhondo yaciwiri linayambitsa bungwe lolemba anthu limene anthu analicha Mthandizi. Zonsezi zinacepetsa mabvuto a panjira, koma zinacurukitsanso opita.

Tsidya la Apwitikizi

Acewa amene malire anawasiya ku Mozambique anaona zowawa zoposa. Kumeneko cibalo cinali lamulo la Boma lenileni: mwamuna amene sanathe kuonetsa kuti ali pa nchito ya Mzungu anali kugwidwa kukalambula miseu kapena kukagwira m'minda ya makampani kwa miyezi 6. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 mabanja anakakamizidwanso kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo umene Boma linaika, ndipo wolephera anali kumenyedwa m'manja ndi thabwa la mabowo. Malamulo amenewa anafafanizidwa pa pepala m'caka ca 1961.

Cifukwa ca ici anthu a tsidya lija sanali kupita kokha ku Halale, koma midzi yathunthu inali kuoloka malire usiku kudzakhala kwa abale ao m'dziko la Angelezi. Undi mwini wace anaoloka m'zaka za m'ma 1930, ndipo Boma la Northern Rhodesia linambvomereza kukhala mfumu yaikulu ya Acewa. Motero dera la Katete ndi Chadiza linali kutaya amuna kumwera, nililandira mabanja ocokera ku Mozambique, ndipo ciwerengero ca anthu a m'midzi sicinatsike.

Migodi ya mkuwa

Njira yacitatu inatseguka kumadzulo. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndi wa Nchanga mu 1939. Poyamba anthu a kum'mawa sanali ambiri kumeneko, pakuti njira ya ku Halale anali ataizolowera, ndipo abale owalandira anali kumeneko. Koma mseu waukulu wa kum'mawa utatha, ndi Lusaka atakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ambiri anatembenukira kumadzulo. Analowa upolisi, usilikari, ukalaliki ndi nchito za m'nyumba, ndipo ndico cifukwa cace ciNyanja cinakhala cinenero ca Lusaka.

Migodi ya mkuwa inaphunzitsa anthu phunziro lowawa isanakhazikike nkomwe. M'caka ca 1930 anthu ngati 30,000 anali pa nchito yomanga migodiyo. Malonda a dziko lonse lapansi atagwa, pofika 1932 anatsala ngati 7,000 okha. Enawo anauzidwa kuti abwerere kwao. Panalibe penshoni kapena cithandizo ca Boma; mudzi ndiwo unawalandira ndi kuwadyetsa. Makampani anali kuwerengera pa cimeneci: malipiro anali a munthu mmodzi, cifukwa mkazi, ana ndi ukalamba wa wanchitoyo zinali pa msana pa mudzi.

Itatha nkhondo zinthu zinasintha pang'ono. Anchito a m'migodi anapanga bungwe lao m'caka ca 1949, Lawrence Katilungu nakhala mtsogoleri wace. Malipiro anakwera, nyumba za mabanja zinamangidwa, ndipo ana ambiri anabadwira m'komboni osaona mudzi. Kum'mawa nako Boma linayamba m'caka ca 1948 kukhazika alimi pa minda yaoyao ndi kuwakongoza ng'ombe ndi makasu a ng'ombe. Nsawa za Chalimbana zinapeza msika kunja, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu wa ku Katete anatha kupeza ndalama zooneka osacoka pakhomo.

Zitseko zitsekeka

Njira ya ku Halale ndiyo inayamba kutsekeka. M'caka ca 1958 boma la Southern Rhodesia, poona kuti anthu a dziko lomwelo ali kusowa nchito, linapanga lamulo loletsa alendo atsopano kufuna nchito m'mizinda yace ikuluikulu. Citaganya ca maiko atatu cinatha mu 1963, Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo Ian Smith atalanda ulamuliro mu 1965 udani unakula, kufikira malire anatsekedwa mu January 1973. Boma la Zambia linaletsanso Wenela kulemba anthu m'dziko lace.

Malawi anatsata njira yina. Dr Kamuzu Banda analola Wenela kupitiriza, ndipo pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa. Koma mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi 74 amene anali kubwerera kwao. Dr Banda anaimitsa kulembako, ndipo m'zaka ziwiri amuna zikwizikwi anabwerera. Ambiri a iwo analowa m'maesiteti a fodya a ku Kasungu ndi ku Mchinji, amene anali kukula msanga m'zaka zimenezo, kumene malipiro anali ocepa koposa a ku Joni. Kulemba kunayambanso pang'ono mu 1977, nikutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza matenda a Edzi.

Ku Mozambique nkhondo ndiyo inasuntha anthu. Frelimo inayamba kumenya nkhondo m'cigawo ca Tete m'caka ca 1968, ndipo Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi yolondedwa ndi asilikari. Ufulu unadza mu 1975, koma nkhondo ya pacibale inatsatira, nipsereza midzi ya m'malire. Anthu ngati 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ena analowa mu Zambia, kumene Boma linawatsegulira malo a Ukwimi m'boma la Petauke m'caka ca 1987. Mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992, ambiri anabwerera, napeza minda yao itasanduka nkhalango.

Mu Zambia anthu anathamangira m'mizinda ufulu utangofika. M'caka ca 1963 munthu mmodzi mwa anthu 5 anali kukhala m'tauni; pofika 1980 anali awiri mwa 5. Koma mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo sunadzuke kwa zaka zambiri. Migodi imene inali ndi anchito oposa 60,000 m'zaka za m'ma 1970 inatsala ndi osafika theka pamene inagulitsidwa kwa makampani m'caka ca 2000. Kalembera wa caka cimeneco anaonetsa cinthu cosowa mu Africa: gawo la anthu a m'tauni linali litatsika kufika pa 35 mwa 100 ali onse. Amuna amene anagwira zaka 20 kapena 30 pansi pa nthaka anabwerera kumudzi. Amene anali kutumiza ndalama ndi kufika pa maliro analandiridwa bwino. Amene anaiwala kwao anapeza kuti munda wa amai ao uli ndi eni ena, ndi kuti ana ao sadziwa kugwira khasu.

Otsiriza kubvutika anali ana a macona. Minda ya Azungu ya ku Zimbabwe italandidwa kuyambira m'caka ca 2000, anchito a m'mindamo anataya nchito ndi nyumba pamodzi, ndipo ambiri a iwo anali zidzukulu za anthu a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Lamulo la 2001 linawacotsera unzika, kufikira malamulo akulu a dziko a 2013 anaubwezera kwa obadwira m'dzikomo. Anthuwa anali atasunga gule wamkulu m'makomboni ao kwa mibadwo itatu, koma mudzi wobwererako analibe.

Cimene ciwerengero cionetsa

Kalembera wa ku Malawi wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 ali onse anali a m'midzi. Wa ku Mozambique wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 28 miliyoni, awiri mwa atatu ali a m'midzi. Wa ku Zambia wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni, oposa theka ali a m'midzi, ndipo cigawo ca kum'mawa cokha cinali ndi anthu oposa 2.4 miliyoni. Anthu ambiri aganiza kuti midzi iri kutha cifukwa mizinda iri kukula, koma si tero iai. M'caka ca 1963 anthu a m'midzi ya Zambia sanafike 3 miliyoni. Mu 2022 anaposa 10 miliyoni. Malawi yense anali ndi anthu ngati 4 miliyoni mu 1966. Gawo la mudzi licepa pang'onopang'ono, koma anthu ace acuruka caka ndi caka, ndipo nthaka sikula.

Cimene casintha ndi mtundu wa nchito. Kale mgodi unali kufuna manja ambiri osaphunzira, ndipo wolemba anthu anali kufika yekha pa boma. Migodi yatsopano, monga Kansanshi ndi Lumwana kumpoto ca kumadzulo kwa Zambia, kapena malasha a ku Moatize pafupi ndi Tete amene anayamba kukumbidwa kwakukulu mu 2011, igwira ndi makina, nifuna anthu ocepa okhala ndi mapepala a sukulu. Wacinyamata wa ku Sinda kapena ku Vubwi adalira cimanga, thonje, fodya, soya, mpendadzuwa ndi nsawa, ndiponso ganyu ndi malonda ang'onoang'ono a pa malire a Mwami ndi Chanida. Amalawi osowa malo aoloka kukalima kwa eni minda a mu Zambia ndi a ku Mozambique. Ena akwerabe basi ya ku Joni kudzera ku Tete, njira yomwe ija ya agogo ao, koma opanda pangano la nchito kapena malipiro osungidwa, ndipo m'zaka za 2008 ndi 2015 ambiri anabwezedwa ndi cipolowe cothamangitsa alendo.

Mwambo wa Kulamba, umene Boma la Azungu linauletsa mu 1934, unayambanso ku Mkaika m'caka ca 1984, ndipo caka ciri conse kumapeto kwa August mafumu a maiko onse atatu afika kudzafotokozera Gawa Undi za umoyo wa anthu ao. Nkhani zimene abwera nazo zifanana: ana acuruka, minda icepa, feteleza akwera mtengo, ndipo anyamata afunsa kumene angapite.

M'mbiri yonseyi njira iri yonse ya nchito inatsekedwa ndi anthu akutali, kaya ndi msika wa mkuwa wa ku London, kaya ndi nduna za ku Salisbury, ndipo nthawi zonse mudzi ndiwo unasenza obwerera. Akulu anati, kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma mudzi umene unalandira anthu a 1932 unali ndi chire lambiri logawa, ndipo wa lero ulibe. Wa m'tauni amene ayembekeza kukapumira kwao acita bwino kudziwika kwa nyakwawa ndi kwa mbumba yace akali pa nchito, kuthandiza pa sukulu ya ana a alongo ace, ndi kuonetsa ana ace pamene pali munda ndi manda a makolo ao.